Nkhunda Yoyera pa Nsalu ya Maruni: Lipoti la Ntchito Yosintha Mtundu wa Kumbuyo kwa Logo ya Kwaya

Ntchito imene ndikufotokoza pano ndinaigwira m'chaka cha 2024 m'shopu yanga yosindikizira ku Limbe, ndipo ndailemba mwatsatanetsatane chifukwa vuto limene linanditayitsa maola angapo, lakuti mbali zoyera za logo zimasowa mukasintha mtundu wa kumbuyo, limabwera kawirikawiri kwa aliyense amene amasandutsa zithunzi wamba kukhala vector, kutanthauza chithunzi chopangidwa ndi mizere osati mapikiselo, chimene sichiwonongeka chikakulitsidwa. Amayi ena, amene ndi mlembi wa kwaya ya mpingo wina, anabwera kudzapangitsa chinsalu cha banner cha mamita 3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamodzi ndi matisheti 40. Yunifolomu ya kwayayo ndi ya maruni, choncho anafuna kuti kumbuyo kwa banner kukhale kwa maruni, matishetinso akhale a mtundu womwewo, ndipo logo yawo ioneke pa zonsezi monga mmene imaonekera pa makalata awo.

Logoyo inali motere. Pakati panali chimbale cha buluu wakuda, m'kati mwake muli nkhunda yoyera yotambasula mapiko, Baibulo lotsegula la masamba oyera, ndi mizere 7 yachikasu yoimira kuwala kwa dzuwa. Chimbalecho chinazunguliridwa ndi lamba woyera wolembedwa dzina la kwaya m'zilembo za buluu, ndipo kunja kwa lambayo kunali kamzere kopyapyala ka buluu. M'munsi, kunja kwa zonsezi, munali mawu a mutu wa kwaya.

Chithunzi chimene tinalandira

Fayilo yoyambirira inasowa kalekale pamodzi ndi amene anaijambula. Chimene amayiwo anali nacho chinali JPEG ya mapikiselo 720 mbali zonse, imene wina anaitenga pa sikana kuchokera pa pepala la makalata, ndipo inali itayenda m'mafoni ambiri kudzera pa WhatsApp. Pa banner logo inayenera kukula masentimita 80, kutanthauza kuti inchi iliyonse ikanalandira mapikiselo 23 okha, ndipo munthu woima pafupi akanaona timabokosi m'malo mwa nkhunda. Komanso JPEG sisunga malo oonekera mkati, ndiye kuyera kwa pepala kunali mbali ya chithunzicho. Poti JPEG imapanikiza chithunzi m'timagawo ta mapikiselo 8 mbali zonse, m'mphepete mwa zilembo munali tizinyalala totuwa timene diso silitiona pa foni. Panalibe njira ina koma kuchita trace, kutanthauza kulola kompyuta kutsata m'mphepete mwa mitundu ya chithunzi n'kuchijambulanso ngati vector.

Pa ntchitoyi ndinagwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya Inkscape 1.3, ngakhale kuti anzanga ambiri m'tauni muno amakonda CorelDRAW. Zimene ndilembe pano zikukhudza Inkscape, koma gwero la vutoli ndi limodzi ngakhale mu PowerTRACE ya Corel kapena mu Image Trace ya Illustrator. Ntchito yoyamba ndinampatsa mnyamata amene ndikumuphunzitsa. Anatsegula Trace Bitmap, anasankha Multicolor ndi Colors, anasiya Scans pa 8, ndipo anachonga Smooth ndi Stack. Zotsatira zake zinaoneka bwino kwambiri pa tsamba loyera, moti tonse tinaganiza kuti chatsala ndi kungodina kawiri katatu basi.

Zoyesa ziwiri zimene zinalephera

Mnyamatayo anayamba ndi Document Properties, kumene anasintha mtundu wa tsamba kukhala wa maruni. Tsamba linasinthadi, koma logo inatsala itakhala pa bokosi loyera ngati sitampa pa envulopu. Anandiitana n'kunena kuti, “Abwana, background ikukana kusintha.” Ndinamuuza kuti ngakhale ikanavomera sitikanapindula kanthu, chifukwa mtundu wa tsamba mu Inkscape si chinthu chojambulidwa. Umasungidwa m'kagawo ka fayilo kamene Inkscape yokha imawerenga, ndipo mukatsegula fayilo yomweyo ya SVG, mtundu wa fayilo ya vector umene Inkscape imasunga, pa browser kapena mukaitumiza ngati PDF kwa wosindikiza, mtunduwo suoneka. Uli ngati tebulo limene mwaikapo pepala pojambula, ndipo tebulo silipita nawo kwa kasitomala.

Kachiwiri ndinakhala pa mpando ndine. Ndinamasula gulu la zidutswa limene trace inatulutsa ndi Ctrl+Shift+G, ndipo panatuluka zidutswa 8 zosanjikizana. Cha pansi penipeni chinali bokosi lathunthu la mtundu woyera wopita ku chikasu, umene ndi mtundu wa pepala lakale lija. Ndinalisankha n'kulipaka maruni. Kumbuyo kunasanduka maruni monga ndinafunira, koma nkhunda nayonso inasanduka maruni, masamba a Baibulo chimodzimodzi, ndiponso lamba yense wa dzina, moti zilembo za buluu zinamira osawerengeka. Kuwonjezera apo, chilembo chilichonse chinazunguliridwa ndi kamzere kotuwa kokhala ngati nkhungu ya pa buledi. Ndinabwereza trace nditachonga Remove background, koma zinatuluka zofanana, chifukwa batani limeneli limangotaya chidutswa cha pansi chomwe chija, ndipo nkhunda imatsala bowo.

Chimene chinkachitika

Apa m'pamene ndinasiya kudina mwachisawawa n'kuyamba kuganiza za mmene pulogalamuyi imagwirira ntchito. Trace ya Inkscape imayendetsedwa ndi pulogalamu ina yotchedwa Potrace, imene analemba Peter Selinger, ndipo Potrace imadziwa zinthu ziwiri zokha, chakuda ndi choyera. Pofuna kutulutsa mitundu, Inkscape imayamba yachepetsa mitundu ya chithunzi kufika pa nambala imene mwaika pa Scans, kenako imapereka mtundu uliwonse kwa Potrace pawokha. Mukachonga Stack, chidutswa chilichonse chimatenga malo a mtundu wake kuphatikizapo malo a mitundu yonse yoderapo kuposa iwo, kuti pasakhale mipata pakati pa mitundu. N'chifukwa chake chidutswa chowala kwambiri chimakhala bokosi lathunthu pansi pa zonse, ndipo chakuda kwambiri chimakhala pamwamba.

Tanthauzo lake n'lakuti m'fayilo imeneyi munalibe chinthu chotchedwa nkhunda. Munali chimbale cha buluu chokhala ndi bowo looneka ngati nkhunda, ndipo kuyera kumene tinkakuona kunali kwa bokosi la pansi lija, kukusuzumira pabowopo. Nditaganizira bwino ndinazindikira kuti kompyuta sinalakwitse, popeza ngakhale pa pepala la makalata zinthu zinali choncho. Amene anasindikiza makalata a kwayayo anaika inki ya buluu ndi yachikasu basi, ndipo nkhunda sinapakidwepo inki yoyera chiyambire, koma inali pepala losiyidwa. Malinga ngati logo ikukhala pa choyera, palibe amene amafunsa kuti kuyera kwa logo n'kuti ndipo kwa pepala n'kuti. Funsoli limabadwa tsiku limene mwasintha mtundu wa kumbuyo, ndipo palibe batani limene lingayankhe, chifukwa yankho lake lili ndi eni logo.

Ndinawaimbira foni amayi aja n'kuwafunsa malo oyera mmodzimmodzi. Za nkhunda anayankha msanga kuti, “Achimwene, nkhunda ya Mzimu Woyera singakhale yofiira, imeneyo musaikhudze.” Masamba a Baibulo anati akhalenso oyera. Pa lamba wa dzina anazengereza, nati akafunse atcheya, ndipo madzulo anabweza yankho logawika: pa banner lamba akhale woyera monga pa makalata, koma pa matisheti akufuna kuti nsalu izioneka, dzina lilembedwe moyera. Yankho limeneli linasandutsa ntchito imodzi kukhala ntchito ziwiri zosiyana.

Kuchotsa nkhungu ya m'mphepete

Ndisanakhudze za nkhunda ndinayamba ndi timizere totuwa tija, chifukwa tikanaipitsa mafayilo onse awiri. Logo inali ndi mitundu 3 yokha, koma ife tinapempha 8, ndiye mitundu 5 yotsalayo pulogalamu inaitola m'mphepete, pamene buluu amasungunukira m'choyera, ndi m'tizinyalala ta JPEG. Smooth inawonjezera vutoli, popeza imayamba yafewetsa chithunzi isanachite trace, ndipo kufewetsako kumachulukitsa mitundu yapakatikati. Pa tsamba loyera zidutswa zotuwazi zimathandiza kuti m'mphepete muoneke mosalala, koma pa maruni zimawala.

Ndinabwereza trace ndi Scans 4, Smooth nditaichotsa, Stack nditaisiya yochongedwa, ndipo Speckles ndinaikweza kuchoka pa 2 kufika pa 10 kuti timadontho tating'ono titayidwe. Panatuluka choyera, chachikasu, buluu wotuwa wa m'mphepete, ndi buluu wakuda. Poyamba ndinafufuta chidutswa cha buluu wotuwa poganiza kuti n'chopanda ntchito, ndipo nthawi yomweyo m'mphepete mwa nkhunda ndi mwa zilembo zonse munatuluka kamzere kachikasu. Chifukwa chake ndi Stack yomwe ija: chidutswa chachikasu chinali chitayala pansi pa buluu yense, ndipo chotuwacho n'chimene chinkachiphimba m'mphepete. Ndinabweza ndi Ctrl+Z, ndipo m'malo mochifufuta ndinachiphatikiza ndi buluu wakuda pogwiritsa ntchito Union, n'kuchipaka buluu wakuda. Mizere ya logo inanenepa pang'ono kwambiri, koma m'mphepete munayera.

Zilembo sindinazisunge. Trace ya zilembo zazing'ono kuchokera pa mapikiselo ochepa imatulutsa mizere yokhotakhota, ndipo pa masentimita 80 chilembo O chinkaoneka ngati mbatata. Ndinafufuza font yofanana nazo, ndinalembanso dzina, n'kulizunguliza pa mkombero ndi Put on Path, kenako ndinalisandutsa path, kutanthauza mizere yojambulidwa osati zilembo zotaipa, kuti kompyuta ya wosindikiza isafune font imeneyo. Mizere yozungulira nayonso ndinaijambulanso ndi chida chojambulira mikombero, chifukwa mkombero wa trace unali ndi timfundo, timadontho timene timaongolera mzere, toposa 60 pamene weniweni umakwana ndi 4. Ena amaona ngati kuchita zimenezi n'kutaya nthawi poti trace yachita kale ntchito, koma ine ndimaona kuti trace iyenera kusiyiridwa zokhazo zimene dzanja silingajambule msanga, monga nthenga za mapiko.

Fayilo ya banner

Ya banner inali yosavuta nditangomvetsa gwero la vuto. Ndinataya bokosi la pansi, n'kujambula chimbale chimodzi choyera chokula pang'ono kuposa kamzere ka kunja, ndipo ndinachitsitsira pansi pa logo yonse. Chimbale chimenechi chinabwezeretsa nkhunda, masamba ndi lamba nthawi imodzi, ndipo kambali kake kotulukira kunja kanalekanitsa buluu ndi maruni, imene ndi mitundu iwiri yakuda yosaonetsana. Mawu a m'munsi ndinawasintha kukhala oyera, popeza buluu pa maruni sawerengeka ngakhale pa mtunda wa mamita 5. Timabowo ta m'zilembo monga A ndi O tinaonetsa maruni tokha monga kuyenera, chifukwa pansi pake panalibenso choyera.

Kumbuyo kwenikweni ndinakujambula ngati bokosi la maruni, lopitirira tsamba ndi masentimita 5 mbali zonse kuti opinda mpendero ndi kuboola timabowo ta zingwe asasiye mzere woyera m'mphepete. Ndinalitsitsa ndi batani la End, ndinaliika pa layer yakeyake n'kuikhoma kuti lisamasunthe ndikamasankha zinthu zina. PDF itatuluka ndinaitsegula m'pulogalamu ina osati Inkscape, kuti ndione zimene wosindikiza adzaone.

Fayilo ya matisheti

Apa m'pamene panagona ntchito. Pa tisheti palibe bokosi la kumbuyo, chifukwa kumbuyo ndi nsalu yeniyeniyo, ndipo mtundu uliwonse umadindidwa ndi sikirini yakeyake. Chimbale choyera chija sichikanathandiza, popeza lamba anayenera kuonetsa nsalu, komanso chigamba chachikulu cha inki yoyera chimaumitsa tisheti pachifuwa ndi kutenthetsa woimba. Nkhunda ndi masamba zinayenera kukhala zidutswa zenizeni zoima pazokha.

Njira yodziwika ndiyo kukopera chidutswa cha buluu ndi Ctrl+D, n'kuchiphwanya ndi Break Apart, imene imasandutsa bowo lililonse kukhala chidutswa chodzaza, kenako n'kusankha chimene mukufuna. Masamba a Baibulo anatuluka bwinobwino mwa njira imeneyi, koma nkhunda sinapezeke. Nditakulitsa chithunzi kwambiri ndinaona chifukwa chake. Nsonga ya phiko lakumanja inafika m'mphepete mwenimweni mwa chimbale, ndipo kamzere ka buluu kamene kankaitseka, kokula mwina mapikiselo 2, kanadyedwa ndi JPEG. Motero nkhunda sinali bowo lotsekeka koma inali yolumikizana ndi kuyera kwa lamba kudzera pa kampata kameneko, ngati dziwe limene lili ndi ngalande yotulukira kumtsinje, ndipo Break Apart inalibe choti idule.

Ndikanatha kutseka kampatako ndi chida cha timfundo, koma ndinaona njira yachidule imene Stack yomweyo inandipatsa. Chidutswa chachikasu chinali ndi malo onse achikasu ndi a buluu, kutanthauza kuti mabowo ake anali malo oyera okhaokha. Ndinajambula chimbale chatsopano chochepa pang'ono kuposa cha buluu, ndinaika kope ya chidutswa chachikasu pamwamba pake, n'kuchita Difference, imene imachotsa cha pamwamba m'cha pansi. Chimene chinatsala chinali nkhunda ndi masamba awiri, ndipo nsonga ya phiko inadulidwa mwaukhondo ndi mkombero wa chimbale chatsopanocho. Kenako ndinaika mkombero wa buluu wojambulidwa bwino m'mphepete mwa chimbale kuti kampata kaja katsekeke.

Mizere ya dzuwa ndinaipeza mofananamo, pochotsa buluu m'chachikasu. Panatsala mizere 7 ija pamodzi ndi tizidutswa tambirimbiri topyapyala ngati mankhusu, timene ndinatiphwanya n'kutifufuta nditasinthira ku Outline, kaonekedwe koonetsa mizere yokha popanda mitundu, kumene chilichonse chimaoneka ngakhale chikhale chaching'ono motani. Kuyang'ana mu Outline kunandionetsanso cholakwa china chimene ndikanachiphonya: diso la nkhunda, kadontho kakang'ono ka buluu, linatayidwa pamene ndinakweza Speckles kufika pa 10. Ndinalijambulanso pamanja m'mafayilo onse awiri, ndipo ndikuvomereza kuti PDF yoyamba ya banner inali ndi nkhunda yopanda diso, mwamwayi ndinali ndisanaitumize.

Masikirini anakhala 3. Woyera unatenga nkhunda, masamba, dzina, mawu a m'munsi, kamkombero kozungulira chimbale, ndiponso malo a pansi pa mizere ya dzuwa, chifukwa inki yachikasu ikadindidwa mwachindunji pa maruni imazilala n'kuoneka ngati dothi. Zoyera za pansi pa chikasu ndinazichepetsa pang'ono ndi Inset kuti zisasuzumire m'mbali, ndipo nkhunda ndinaikulitsa pang'ono kuti ilowe pansi pa buluu, n'cholinga choti sikirini ikasuntha pang'ono podinda pasaoneke mzere wa maruni pakati pa phiko ndi chimbale. Wodinda anapempha kuti mtundu uliwonse ubwere ngati chithunzi chakuda pa tsamba lakelake, chokhala ndi timitanda toyanjanitsira m'ngodya, ndipo ndinatero.

Mtundu wa maruni

Chotsala chinali kupeza maruni weniweni wa kwayayo. Maruni amene amadziwika pa intaneti ndi nambala ya #800000 ndi wofiira woderapo wopanda buluu ngakhale pang'ono, pamene nsalu ya yunifolomu imene amayi aja anandisiyira inali yopendekera ku mtundu wa vinyo. Inkscape imagwira ntchito ndi RGB, mitundu ya kuwala kwa pa kompyuta, ndipo makina osindikizira banner amasandutsa okha mitunduyo kupita ku inki zawo za CMYK, choncho zimene ndinkaona pa kompyuta yanga sizikanandiuza zimene zidzatuluke. Ndinapanga kafayilo ka timabokosi 6 ta maruni osiyanasiyana, kalikonse nditalemba nambala yake pansi, ndipo ndinapempha wosindikiza kuti akatulutse pa kachidutswa ka nsalu yomweyo ya banner. Tinakayerekeza ndi yunifolomu panja, pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa pansi pa nyale za m'shopu timabokosi tonse tinkaoneka tofanana. Kamene ndinkakakhulupirira pa kompyuta kanatuluka kopita ku khofi, ndipo kamene kanagwirizana ndi nsalu kanali kachisanu, kamene pa kompyuta kankaoneka kopitirira ku pepo.

Banner inatuluka bwino pa ulendo woyamba. Pa matisheti tinataya awiri oyesera, chifukwa buluu wakuda atadindidwa pa maruni anaoneka pafupifupi wakuda bii, ndipo wodinda anachita kusakaniza inki yowalirapo kuti chimbale chizioneka kuti ndi cha buluu. Amayi aja atabwera kudzatenga katundu anatambasula tisheti imodzi pa kauntala, n'kuloza kuti dzina la kwaya likuoneka lonenepa kusiyana ndi la pa makalata. Ananena zoona, popeza font imene ndinapeza sinali yeniyeniyo, komanso zilembo zoyera pa nsalu yakuda zimaoneka zazikulu kuposa zakuda pa pepala loyera. Anavomera kuti zikhale choncho ulendo uno, ndipo tinagwirizana kuti pa matisheti otsatira ndidzazichepetsa.

Ntchito yonse ya pa kompyuta inanditengera maola pafupifupi 7, ndipo 3 mwa amenewa anathera pa zoyesa zolephera ndi kudikira yankho la atcheya. Kwayayo ndinaipatsa SVG ya logo yopanda kumbuyo imene nkhunda, masamba ndi lamba ndi zidutswa zoyera zoima pazokha, PDF ya banner, ndi PNG ziwiri zoonekera mkati, ina ya pa zinthu zowala ndi ina ya pa zinthu zakuda. Ndinawapempha amayiwo kuti akamatumiza mafayilowa pa WhatsApp azisankha Document osati Gallery, kuti asapanikizidwenso n'kubwerera ku JPEG, ndipo kope ina ndinaisunga pa kompyuta ya shopu m'chikwatu cha dzina la kwayayo.